Diresi Lobiriwira la Nabanda

Ndinaganiza zochoka tsiku lina nditakhala pa makina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kasitomala n'kubwera mmodzi yekha, bambo wofuna ndimuchepetsere m'chiuno buluku la pakaunjika. Ndinali telala pakhonde la sitolo ina ku Chilomoni. Ndinaphunzira kusoka madiresi a ukwati ndi masuti a amayi, koma kaunjika atadzaza msika ntchito yanga inasanduka yopinda miyendo ya mabuluku ndi kuika mazipi. Bambo a mwana wanga anali atapita ku Joni, ndipo nambala yawo inali itasiya kupezeka. Msuweni wanga Febe, yemwe ankakhala ku Dublin m'dziko la Ireland, anali atandiuza kangapo kuti kunyumba yosamalira okalamba komwe ankagwira ntchito kumafunika anthu. Tsiku limenelo ndinamuuza kuti ayambe kundiyendetsera mapepala.

Mwana wanga wamkazi Takondwa, yemwe tonse timangoti Tako, anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga a Loveness. Iwo analibe mwana wawowawo, ndipo amuna awo anali atamwalira.

"Pita, Rhoda," anatero. "Kodi ineyo si mayi wake?"

Ndinalonjeza zaka ziwiri. Zinakwana zisanu.

Ndikulemba izi ndili m'kachipinda komwe ndinafikira ku Santry, dera lina la Dublin, komwe ndimakhalabe ndi Febe. Ndege zimadutsa pamwamba pathu tsiku lonse. Miyezi yoyamba ndinkatuluka panja kukaziyang'ana ngati mwana, kenako ndinazizolowera ngati mmene munthu amazolowerera chigayo chapafupi. Ntchito ndinaizolowera msanga: kusambitsa, kuveka, kudyetsa ndi supuni, kutembenuza munthu pabedi kuti asachite zilonda. Chimene sindinachizolowere ndi foni ya Loweruka.

"Wadzuka bwanji, Tako?"

"Ndadzuka."

"Kusukulu?"

"Kuli bwino."

"Wadya?"

"Eya."

Zikatero achemwali ankatenga foni n'kuyamba kundiuza za mitengo ya sopo ndi maliro a m'dera. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse osaphonya. Mawu ouza mwana wanga ndiwo ndinalibe.

Chaka chachitatu nesi wina wakuntchito kwathu anandipempha kuti masiku omwe ndili ofu ndizikamusungira mwana wake akaweruka kusukulu. Iye ndi mwamuna wake anali atasiyana. Ankakhala ku Skerries, kutauni kakang'ono ka m'mbali mwa nyanja, komwe mphepo yake imakulowa mpaka m'mano. Ndinkakwera sitima, kukamutenga mwanayo pageti la sukulu, kumupangira tiyi ndi buledi, n'kukhala naye mpaka mayi ake abwere. Dzina lake Orla. Anali wamng'ono kwa Tako ndi zaka ziwiri, koma wathupi, wosakonda kulankhula, ndipo ankadya zikhadabo mpaka magazi.

Pakamwa pake pankatseguka pa chinthu chimodzi chokha. Tsiku lina ndinamupeza akuonera zojambula za atsikana a maso akuluakulu ngati mbale, ndipo ndinamufunsa kuti katuni imeneyi ndi yotani.

"Si katuni," anandiwongola nkhope ili gwaa. "Ndi anime."

Anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa ngati ndine wa sitandade wani. Zonse zinayambira pa gemu ya pafoni yochokera ku Japan. Mugemumo muli atsikana apasukulu omwe aliyense ali ndi nyali yake. Akaikweza m'mwamba zovala zawo zimasintha, amapeza mphamvu, n'kumamenyana ndi zithunzithunzi zoipa zomwe zimalowa mumzinda. Pakati pawo pali wina wa diresi lobiriwira, wopanda mphamvu kwenikweni, moti osewera ambiri samusankha. Ndiye opanga mafilimu anamutenga yemweyo n'kumupangira nkhani yakeyake yapambali, yoonetsa zomwe amachita anzake otchukawo akapita kunkhondo zikuluzikulu. Imeneyo ndiyo tinkaonera.

Poyamba mtima wanga unakana. Ndinauza Febe kuti ana a kuno akuonera zaufiti masana dzuwa likuswa mtengo.

"Ufiti wovala masokosi ofika m'mawondo?" anaseka Febe. "Iwe usatichititse manyazi."

Dzina la mtsikana wobiriwirayo linkandikanika kutchula, choncho ndinangomutcha Nabanda. Orla anaseka mpaka kugwa pa sofa, ndipo naye anayamba kumutchula choncho. Nabanda anali wosokonekera, wochedwa kusukulu, nyali yake inkazima pa nthawi yolakwika, koma sankathawa. Posakhalitsa ndinazindikira kuti ndikumayembekezera gawo lotsatira kuposa mwini wake.

Pobwerera m'sitima ndi pomwe zinkandigwira. Ndinkadziwa saizi ya nsapato ya Orla. Ndinkadziwa dzino lake logwedera, mnzake amene anamunena kusukulu, mbali ya buledi yomwe sadya. Za Tako ndinkangodziwa kuti wadzuka, kusukulu kuli bwino, wadya.

Tako atakwana zaka khumi ndi ziwiri ndinamutumizira foni kudzera mwa wansembe wina wa kwathu yemwe ankapita kutchuthi. Loweruka lina, posowa chonena, ndinamuuza za Nabanda. Gemuyo inakana kuyenda bwino pafoni yake, komanso inkadya bandulo ngati chiswe. Koma kumsika kwa Chilomoni kuli mkulu wina woika mafilimu m'mamemore khadi, ndipo Tako anamuvutitsa mpaka anaipeza anime ija yonse.

Loweruka lotsatira anaimba ndi iyeyo.

"Amayi! Mwaona zomwe wachita Nabanda pamlatho paja? Anzake aja ndi odzikonda bwanji! Amusiya yekha, kenako akubwera kudzalandira ulemu!"

Ndinakhala pansi pabedi. Chichokereni kwathu ndinali ndisanamvepo mwana wanga akulankhula mawu ambiri chotero mpweya umodzi. Tinagwirizana zoonera gawo limodzi pa sabata, iye uko ine kuno, wina asapitirire mnzake. Tinkakangana, tinkaseka. Kudzera mwa Nabanda ndinayamba kumva zina: mphunzitsi wamasamu wankhanza, mnzake Chisomo amene anasamukira ku Zomba, mantha ake a mayeso a sitandade eyiti. Achemwali ankadandaula chapatali kuti anthu awiri akuluakulu akutha mayunitsi pokamba za zidole.

Tsiku lina Tako anati, "Amayi, inu si telala kodi? Mundisokere diresi ngati la Nabanda."

Achemwali anamuyeza ndi tepi yanga yakale n'kunditumizira miyezo. Ndinagula nsalu yobiriwira mutauni, maliboni oyera ndi mabatani onga timasamba. Makina ndinalibe, koma kwa Orla kunali makina akale a agogo ake omwe anamwalira, ndipo mayi ake anandilola kuwagwiritsa ntchito. Ndinawauza poyera kuti diresilo ndi la mwana wanga. Phazi langa litagunda makina aja ndinamva ngati ndabwerera pakhonde paja. Ndinasoka mosamala kuposa diresi la mkwatibwi aliyense amene ndinamusokerapo. Popeza thupi la Orla linali lofanana ndi miyezo ya Tako, ndinkamuyesa iyeyo. Ankaimirira pampando manja atatambasula, osapuma n'komwe, kuopa mapini.

Diresi litatha, mutauni munachitika chionetsero china chomwe anthu okonda zinthu zimenezi amapita atavala ngati anthu a m'mafilimu awo. Mayi ake a Orla anandipempha kuti mwana abwereke diresilo tsiku limodzi lokha. Ndinavomera, ndipo anandipempha ndipite nawo. Anthu ankamuimitsa Orla kuti ajambulitse naye. Mwana wodya zikhadabo uja ankayankha anthu osawadziwa, mutu uli m'mwamba, akuloza ine kuti wasoka ndi uyu.

Titabwerera kunyumba anakana kuvula. Sanachite phokoso. Anangokhala pamasitepe atagwira m'mphepete mwa diresi ndi manja onse awiri, misozi ikutsika. Mayi ake anandiyang'ana mwamanyazi n'kunena kuti alipira chilichonse chomwe ndinganene. Ndalamazo ndinakana, koma diresi ndinalisiya. Ndinadziuza kuti ndisoka lina, nsalu siinathe m'sitolo. Zoona zake n'zakuti mwana amene akulira pamaso pako amamveka kuposa amene ali kutsidya kwa nyanja. Komanso, ndisaname, ndinkaopa kutaya ganyuyo.

Chithunzi cha ine ndi Orla ndinali nditamutumizira Febe. Patapita masiku iye, mwa chimwemwe chake, anachiika pa sitatasi ya pafoni yake n'kulemba kuti telala wa ku Chilomoni waimitsa Dublin. Sanaganize, nanenso sindinamuchenjeze, kuti Tako ali ndi nambala yake.

Loweruka limenelo foni inaitana nthawi yaitali asanayankhe.

"Ndaliona diresi," anatero Tako. "Lamukhala bwino."

"Tako, mwana wanga, ndikusokera lina, labwino kuposa limenelo. Zinangochitika kuti..."

"Chabwino, amayi. Ndikupita, andituma."

Kuyambira pamenepo tinabwerera kwa wadzuka, kusukulu, wadya. Nthawi zina sankayankha n'komwe. Ndikafunsa za gawo la sabata imeneyo ankati sanaonere. Ndikapempha vidiyo ankati kamera yawonongeka. Achemwali anatha masabata angapo osabwera pafoni. Tako ankati BP yawakwera pang'ono, akupuma. Atayambanso kulankhula nane mawu awo anali olemera, ndipo anati ndi mankhwala akuwalemeretsa lilime. Ine zonsezo sindinazilabadire mokwanira. Maganizo anga onse anali pa diresi.

Ndinasoka lachiwiri, n'kudikira miyezi kuti papezeke munthu wopita kwathu. Yankho linabwera la mawu awiri: lafika, zikomo. Chithunzi ayi. Kenako ndinamva kuti mayeso a sitandade eyiti sanamuyendere, abwereza. Ndinamukalipira pafoni kuti ndikuzunzika kuno ndi kuzizira iye akusewera, ndipo iye anangoti, "Pepani, amayi." Nditadula foni ndinadziuza kuti mwanayu ndamuwononga ndine, ndi diresi lija. Kwa Orla ndinasiya kukhala pa sofa. Nyimbo yoyambira ya anime ija ikangolira ndinkapita kukhitchini kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Nkhaniyi ndinafika nayo mpaka kolapa, kwa wansembe yemwe uja ananyamula foni. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mayi, za diresi Mulungu wamva. Koma mwana mukamuona liti?"

Ndinapempha tchuthi, n'kugula tikiti.

Kubwalo la ndege la Chileka ndinkayembekezera achemwali ndi nthungululu zawo. Ndinapeza Tako yekha ndi bambo wina wapafupi yemwe ali ndi galimoto. Tako anali wamtali kundiposa, woonda, manja ake okhakhala ngati a mayi wa ana atatu. Anandipatsa moni wa ulemu wonse, n'kundilanda chikwama. Ndinafunsa za achemwali, anati akudikira kunyumba.

Ndinawapeza atakhala pampando pabalaza, atavala chilundu chatsopano, mpango uli kumutu. Sanaimirire. Dzanja lawo lamanzere linali pamwendo litapindika ngati phazi la nkhuku, pakamwa patakokekera mbali imodzi, ndodo itatsamira khoma.

"Wafika, Rhoda," anatero.

Ntchito yanga ndi imeneyi. Sindinafunikire kuuzidwa kuti ndi sitiroko, ngakhalenso kuti si ya dzulo. Ndinagwada n'kuika mutu pamiyendo pawo.

Achemwali anagwa Lachisanu akuchapa, tsiku limodzi lisanafike Loweruka lija. Pamene Tako ankandiuza kuti diresi lamukhala bwino, anali ataima m'khonde la chipatala chachikulu, atabisa foni m'manja kuti ndisamve phokoso la muwodi. Anakhala kumeneko ngati gadiyani kwa masabata ambiri. Amayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi ankasinthana kubwera masana, koma wogona pansi pambali pa bedi, wotaya mtsuko, wothamangira madokotala anali iyeyo, mwana wa zaka khumi ndi zitatu. Atatuluka m'chipatala ntchito inapitirira kunyumba. Mayeso aja analemba atajomba pafupifupi teremu yonse.

"Bwanji osandiuza, achemwali?"

"Ukanabwera."

"Eya, ndikanabwera!"

"Ndiye mankhwala angawa akanagula ndani? Nyumba ino akanalipira ndani? Ukanabwerera pakhonde paja kukaika mazipi?" Anapuma, chifukwa mawu ankawatopetsa. "Lilime litangomasuka, chinthu choyamba ndinamulumbiritsa mwanayu. Iye anali atayamba kale kubisa yekha. Usadzitenge wolakwa wekha, Rhoda. Ubwana wake tadyera limodzi, iwe uko, ine kuno."

Kutacha ndinadzuka kuti ndiwasambitse. Ndinapeza Tako watereka kale madzi. Ndinaima pakhomo n'kumuona akulowetsa mkono kunkhwapa kwa mayi ake aakulu, bondo atatsamiritsa pabedi, akuwerenga nawo kuti adzukire limodzi. Ine zimenezo anandiphunzitsa m'kalasi, pa chidole, n'kundipatsa satifiketi. Iye anaphunzira poonera amayi ena muwodi. Nditayandikira anandiuza mwaulemu kuti ndigwire mbali ya kumanja, chifukwa phewa lamanzere limawawa ukalikoka.

Madzulo a tsiku lomwelo tikusankha nyemba pakhonde, ndinayamba mawu omwe ndinali nditawakonza chaka chathunthu. Ndinapepesa za diresi.

"Diresi liti?" anafunsa. Kenako anakumbukira. "Oo, lija. Zinandiwawa, amayi, osanama. Koma nthawi yowawidwa kunalibe."

"Nanga bwanji unasiya kundilankhula? Unasiyanso kuonera."

"Sindinasiye kuonera. Ndinamaliza yonse." Anataya kamwala panja. "Kungoti ndikayamba za Nabanda ndimalankhula kwambiri. Ndikanalakwitsa, n'kutulutsa za kuchipatala. Ndiye ndinkangodula."

Anandiuza kuti kuchipatala kuja, kushedi komwe magadiyani amaphikira ankaonera pafoni podikira madzi kuti awire. Mayi wina wa ku Thyolo anasuzumira, kenako wina, mpaka anthu ankaunjikana pa kafoni kamodzi, iye akuwamasulira m'Chichewa ngati anyamata a m'mavidiyo sho. Ena ankati ndi zausatana koma osachoka. Mayi wina wodwazika mwamuna wake ankati akangoona nyali yazima amakuwa, "Iwe Nabanda, thawa!" Wina anamulipirira kotchajitsa foni kuti gawo lisadukire pakati. Pofotokoza zimenezi Tako anaseka, ndipo ndinamva mawu aja a Maloweruka akale, koma anangoseka pang'ono n'kudzuka kukaona ngati mayi ake aakulu akufuna kutembenuzidwa.

Diresi lachiwiri lija linafika atatalika kale, linkamulekeza pamwamba pa mawondo ndipo zipi sinkatseka. Analivala kamodzi, n'kulowa nalo kuchipinda atanyamula nyali ya parafini m'mwamba. Achemwali akuti anaseka mpaka kutsamwa, koyamba chigwereni.

Masiku otsalawo ndinachita zomwe ndikanatha. Ndinasambitsa, ndinachapa, ndinamukakamiza Tako kugona mpaka dzuwa litatuluka, ngakhale ankadzukabe. Ndinapeza mayi wina wapafupi woti azibwera tsiku lililonse, kuti mwana azipita kusukulu osathawa pa buleki. Ndinamufunsa ngati angafune ndiyambe mapepala oti abwere ku Ireland. Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero china.

"Nanga amayi aakulu?"

Za mapepalazo ndinazisiya pomwepo. Tchuthi chitatha ndinabwerera ku Dublin, chifukwa achemwali ananena zoona za mankhwala ndi lendi. M'mawa uliwonse ndimadzutsa amayi a anthu ena, ndikudziwa yemwe wadzutsa mchemwali wanga. Kwa Orla ndimapitabe. Iye sanalakwe chilichonse.

Kutatsala masiku ochepa kuti ndinyamuke kubwerera ku Dublin, Tako ali kusukulu, kunabwera mayi wina wachikulire, wapampando wa mphakati. Ndinkamudziwa kuyambira kale. Diresi la ukwati wa mwana wake ndinasoka ndine. Anaodira, ndinamulandira, tinapatsana moni wautali, anandifunsa za kuzizira kwa ku Ulaya. Kenako anasuzumira m'nyumba.

"A Tako alipo?"

"Ali kusukulu. Pali nkhani?"

"Ndi za tsiku loti abambo ansembe adzabwere kudzapereka ukalistia kwa odwala. Komanso amayi a mumphakati akufunsa ngati mwezi uno tizibwerabe Lachiwiri kapena tisinthe."

"Mutha kundiuza ine," ndinatero. "Ndine mayi ake."

"Eee, tikudziwa, mayi," anayankha mokoma mtima, akuyala chitenje chake pakhonde. "Musavutike, inu ndi alendo, pumani. Ndiwadikira eni nyumba."

Ndinalowa kukamutengera madzi akumwa. Ndinatsegula kabati yolakwika kawiri ndisanapeze makapu. Kenako ndinatuluka n'kukhala naye pakhondepo, tonse awiri tikuyang'ana kunjira yochokera kusukulu.